Amene akuphunzitsa mwana wanga kulankhula kusukulu anaphunzira mpaka pati?

NaBanda wa ku Texas

Moni nonse. Funso langa likupita makamaka kwa amene muli kuno ku America ndipo muli ndi ana m'sukulu za boma, kapena mumagwira ntchito m'sukuluzo.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 6. Chaka chatha anamuyeza ndipo anapeza kuti khutu lake lakumanzere silimva bwino, komanso pali mawu ena amene sawatulutsa bwino. Anamulembera IEP, chikalata cha thandizo lapadera limene sukulu izimupatsa, ndipo muli mphindi 30 za sipichi, zomuphunzitsa kulankhula, kawiri pa sabata. Pamsonkhano wa ARD, umene makolo ndi a sukulu amakambirana za IEP kuno ku Texas, amene ankafotokoza zonse anali mayi wina amene anati ndi SLP. Koma mwanayu akabwera kunyumba amangotchula dzina la munthu wina. Nditafunsa kuofesi anandiuza kuti ameneyo ndi assistant, ndipo ndi amene amakhala naye nthawi zambiri.

Musandimve molakwa, mwana amamukonda munthuyo ndipo amapita mokondwa. Kungoti mtima sukukhala m'malo. Kodi lamulo limati munthu wothandiza ana kulankhula m'sukulu za boma akhale ataphunzira mpaka pati? Nanga zilembo izi za SLP, CCC ndi CF zimene ndimaziona pamapepala zikutanthauza chiyani? Za khutuli, ndani ayenera kumaziona, popeza wa sipichiyo akuti si mbali yake? Chinanso, palipoti analemba kuti mwana amasokoneza l ndi r. Ife kunyumba timalankhula Chichewa, ndiye ndikudabwa ngati limeneli ndi vuto lenileni.

Nachisale, SLP ku New York

Achemwali, mwafunsa bwino, ndipo musachite manyazi kufunsanso zomwezi kusukuluko. Ine ndimagwira ntchito imeneyi m'sukulu za boma kuno, ndiye ndikuuzani mmene njira yake imayendera.

SLP ndi speech-language pathologist, katswiri wothandiza pa zolankhula ndi chinenero. Munthu kuti atchedwe SLP amayamba ndi digiri yoyamba, kenako digiri yachiwiri ya masitazi pa zolankhula ndi chinenero, imene nthawi zambiri imatenga zaka ziwiri. Pulogalamu ya masitaziyo iyenera kukhala yovomerezedwa ndi komiti yotchedwa CAA. Ali pasukulu pomwepo amayenera kukwanitsa maola 400 a ntchito yoyang'aniridwa, 25 oonerera akatswiri akugwira ntchito ndipo 375 iye mwini ali ndi wodwala kapena mwana pamaso pake. Akamaliza amalemba mayeso a Praxis, ndipo kuti akhoze amafunika mapointi 162. Sizithera pomwepo. Pamabweranso nyengo yogwira ntchito pansi pa katswiri wina, ya masabata osachepera 36 ndi maola 1,260. Nyengo imeneyi ndiyo CF (Clinical Fellowship) imene mwaionayo. Mukaona munthu wasaina CF-SLP, dziwani kuti masitazi anamaliza koma akadali m'manja mwa womuyang'anira. Akadutsa zonsezi, bungwe la ASHA limamupatsa satifiketi ya CCC (Certificate of Clinical Competence), yotsimikiza kuti ntchitoyi akuidziwa, ndipo kuti isafe amayenera kumawonjezera maphunziro a maola 30 pa zaka zitatu zilizonse.

Koma apa ndi pamene makolo ambiri amasokonezeka. CCC si chiphaso cha boma. ASHA ndi bungwe la akatswiri eni ake, linayamba mu 1925, ndipo satifiketi yake ndi yolemekezeka kwambiri, koma amene amaloleza munthu kugwira ntchito ndi siteti. Lamulo la dziko lonse lokhudza ana ofunika thandizo lapadera ndi IDEA. Linayamba mu 1975 lili ndi dzina lina, analisintha dzina mu 1990, ndipo analikonzanso mu 2004. Lamuloli silinena kuti aliyense akhale ndi CCC. Limanena kuti munthuyo akhale ndi chiphaso kapena satifiketi imene siteti yake imafuna, ndiponso kuti zofunikazo zisakhale zoti anangomukhululukira mwadzidzidzi kapena mongoyembekezera. Limalolanso kuti othandizira agwire nawo ntchito, bola akhale ophunzitsidwa bwino ndi oyang'aniridwa. Chifukwa chake zimene ndingakuuzeni za New York sizifanana ndi za kwanu.

Kuno mapepala ndi awiri. Pali chiphaso cha ntchito, chimene chimandilola kugwira kuchipatala kapena pandekha, ndiye palinso satifiketi ya uphunzitsi yotchedwa TSSLD, imene imafunika kuti ndilowe m'kalasi ya sukulu ya boma. Ku California nako kuli pepala lapadera la sukulu lochokera ku komishoni yoona za aphunzitsi. Ku Texas kwanuko zinthu n'zosavuta kutsata, chifukwa chimene mungayang'ane ndi chiphaso chochokera ku TDLR, nthambi ya boma la Texas yopereka ziphaso za ntchito. Lowani pa webusayiti yawo, lembani dzina la munthuyo, mudzaona ngati chiphaso chake ndi cha SLP, cha intern (amene akadali pa CF) kapena cha assistant, komanso ngati chikugwirabe ntchito. ASHA nayo ili ndi tsamba loonera ngati munthu ali ndi CCC. Zonsezi n'zaulere ndipo palibe amene angakuoneni ngati wovuta chifukwa chofufuza.

Maganizo anga, monga munthu wa ntchitoyi, ndi akuti mwana amene ali ndi vuto la kumva asamangosiyidwa kwa wothandizira yekha kwa miyezi popanda SLP kumuona ndi maso. Kuphunzitsa mwana amene amamva bwino kutchula s n'kosiyana ndi kuphunzitsa mwana amene s ija saimva bwinobwino. Mawu ngati s, f ndi th ndi opyapyala, alibe mphamvu, ndipo ndi amene amayamba kusowa khutu likafooka kapena m'kalasi mukakhala phokoso. Kudziwa ngati mwana walephera chifukwa cha lilime kapena chifukwa cha khutu kumafuna munthu amene anaphunzira zonse ziwiri mozama.

Mdzukulu wa aGama

Mayi, ine ndine mmodzi wa ma assistant amene mukuwanenawo, ndipo ndili ku Texas konkuno. Ndalemba kuti mumvenso mbali yathu.

Sitinangotoledwa pamsewu ayi. Kuti ndipeze chiphaso changa ndinafunika digiri yoyamba ya zaka zinayi yokhala ndi maphunziro a zolankhula ndi kumva, maola 25 oonerera ndi maola enanso 25 othandizira katswiri. Sindingagwire ntchito popanda SLP amene dzina lake linalembedwa kuti ndiye wondiyang'anira. Pali zinthu zimene sindiloledwa kuchita ngakhale nditazidziwa bwanji. Sindiyeza mwana kuti ndinene vuto lake, sinditanthauzira zotsatira za mayeso, sindilemba zolinga za mu IEP, ndipo sindinganene ndekha kuti mwana uyu wachira asiye sipichi. Ntchito yanga ndi kutenga ndondomeko imene SLP walemba, kukhala ndi mwana, kuyeseza naye, ndi kulemba mmene wachitira tsiku lililonse, kuti mwa mawu 20 watchula bwino angati, anafunika kumukumbutsa kangati. Zolembazo ndi zimene SLP amawerenga kuti asinthe zochita.

Anachisale anena zoona kuti mwana wa vuto la khutu amafuna diso la katswiri pafupipafupi, sindikutsutsa. Koma ndikupempheni kuti musathamangire kukapempha kuti assistant achotsedwe musanaone mmene zinthu zilili pasukulupo. Ma SLP ndi ochepa. Amene amandiyang'anira ine amayendera sukulu zingapo, ndipo tsiku lake lambiri limathera m'misonkhano ya ARD, kuyeza ana atsopano ndi kulemba malipoti. Pakanapanda ife, ana ambiri akanamaphonya mphindi zawo, kapena akanamawaunjika asanu ndi mmodzi pagulu limodzi, pomwe aliyense amangolankhula kawiri katatu belu n'kulira. Kusukulu zina kukasowa munthu amaika mwana pa kompyuta kuti azilankhula ndi katswiri amene ali kutali. Zimathandiza ana ena, koma kwa mwana wa zaka 6 wa khutu limodzi, ine ndingasankhe munthu wokhala naye patebulo.

Ndiye mukapita, funsani izi. Woyang'anira wa assistant ameneyu ndani? Amabwera kudzaonerera kangati pamwezi mwana wanu ali momwemo? Mwanayo amakhala yekha kapena pagulu la angati? Pemphaninso kuona zolemba za tsiku ndi tsiku. Assistant amene akugwira ntchito yake bwino amasangalala kholo likafunsa zimenezi, chifukwa nthawi zambiri timangolemba popanda wowerenga kupatula bwana wathu. Ine kholo likandifunsa zoti likayeseze ndi mwana kunyumba, ndimadziwa kuti mwanayo apita patsogolo msanga.

Bambo a Tadala, California

Ine ndiyankhe za khutu, popeza ndi njira imene tayendamo ndi mwana wathu wamkazi, amene amavala makina othandiza kumva makutu onse awiri kuyambira ali wakhanda.

Wa sipichi sananame, za khutu mwini wake ndi audiologist, katswiri wa zakumva. Ameneyu maphunziro ake ndi ataliatali kuposa a SLP. Kale masitazi inkakwana, koma kuyambira mu 2012 ASHA imafuna digiri ya udokotala kwa amene akufuna satifiketi ya CCC-A, imene ndi CCC ya ma audiologist, ndipo ambiri amakhala ndi digiri yotchedwa AuD, imene imatenga zaka zitatu kapena zinayi munthu atamaliza digiri yoyamba. Mukapeza wachikulire amene ali ndi masitazi yokha musadabwe, analowa ntchito malamulo asanasinthe ndipo ndi wovomerezeka. Dziwaninso kuti si dokotala wa opaleshoni. Dokotala wa makutu, mphuno ndi mmero ndi wina, wogulitsa makina a m'makutu m'sitolo ndi winanso.

Pali audiologist wa kuchipatala ndi wa kusukulu, ndipo ntchito zawo sizifanana. Wa kuchipatala amayeza mwana m'kachipinda kachetechete, n'kuchuna makinawo. Wa kusukulu amafuna kudziwa zimene mwana akumva m'kalasi momwe muli ana 25, mipando ikukhululuka, fani ikulira, mphunzitsi akulankhula atayang'ana kubolodi. Wathu ndi amene anabweretsa kamaikolofoni kamene mphunzitsi amavala pakhosi, mawu ake n'kumapita molunjika m'makina a mwana. Anthu amangokatchula kuti FM ngakhale kuti zatsopanozi zimayenda mwa njira ina. Ndi yemweyo amene anaphunzitsa aphunzitsi kuti mwana wina akayankha funso kumbuyo, iwo azibwereza yankholo, chifukwa mwana wathu anamva funso koma yankho silinamufike.

Vuto ndi lakuti ma audiologist a kusukulu ndi osowa kwambiri. Bungwe lawo limalimbikitsa kuti pakhale mmodzi pa ana asukulu 10,000 alionse, ndipo madera ambiri safika ngakhale pamenepo. Disitirikiti, kutanthauza ofesi yoyendetsa sukulu za dera, ikakhala yaing'ono imachita kubwereka kwa ena. Ndiye mukapanda kupempha, mwina simudzamuona n'komwe. Koma mu IDEA audiology inalembedwa ngati limodzi mwa mathandizo amene mwana angalandire, chimodzimodzi sipichi. Lamulo lomwelo limanenanso kuti sukulu iziona kuti makina a m'makutu amene ana amavala akugwira ntchito bwino. Lembani kalata, osangonena pakamwa, yopempha kuti audiologist wa disitirikiti abwere pamsonkhano wotsatira.

Ndipo musalole munthu kukuuzani kuti poti khutu linalo ndi labwino ndiye palibe nkhani. Mwana wa khutu limodzi kunyumba amaoneka ngati amamva zonse. M'phokoso ndi mmene amavutika, sadziwa kumene mawu akuchokera, ndipo pofika masana amakhala atatopa ndi kutchera khutu. Ena amayamba kumunena kuti ndi wosamvera kapena waulesi. Kanthu kakang'ono ngati malo okhala kamasintha zambiri. Wanuyo khutu labwino ndi lakumanja, ndiye akhale poti khutu limenelo laloza kwa mphunzitsi ndi anzake, osati kukhoma kapena kuwindo.

Pali munthu wachitatu amene simunamutchule, mphunzitsi wa ana osamva ndi ovutika kumva. Ameneyu ndi mphunzitsi weniweni wokhala ndi satifiketi yapadera ya siteti, ndipo ambiri amayendayenda sukulu ndi sukulu. Kwa ife ndi amene anathandiza kwambiri pa kuwerenga, ndiponso anaphunzitsa mwana wathu kukweza dzanja n'kunena yekha kuti sindinamve, bwerezani.

NaBanda wa ku Texas

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndayang'ana pa TDLR, onse awiri ziphaso zawo zili bwino, ndipo mtima watsikako. Kalata yopempha audiologist ndilemba sabata ino. Mdzukulu wa aGama, zolemba za tsiku ndi tsiku zija sindinkadziwa kuti kholo lingapemphe, ndikazifunsa.

Anachisale, nkhani ya l ndi r ija simunaikhudze. Komanso mng'ono wanga amene ndimakhala naye wawerenga zonsezi ndipo akuti ntchitoyi yamusangalatsa. Iye digiri yake ndi ya uphunzitsi ndipo anaitenga asanabwere kuno. Angayambire pati?

Nachisale, SLP ku New York

Ndinaisiya dala kuti ndiiyankhe payokha, chifukwa ndi nkhani imene imandikhudza kwambiri pa ntchito yanga yonse.

M'Chichewa l ndi r ndi liwu limodzi. Polemba nthawi zambiri timaika r pambuyo pa i kapena e, kwina timaika l, koma munthu atasinthanitsa polankhula tanthauzo silisintha. M'Chingerezi ndi mawu awiri osiyana amene amasintha tanthauzo. Mwana amene wakula akumva Chichewa kunyumba akhoza kutengera chizolowezi chimenechi m'Chingerezi chake, ndipo kumeneko si kulumala kwa kalankhulidwe, ndi chizindikiro chakuti ali ndi zinenero ziwiri. Onjezaninso kuti r wa Chingerezi cha ku America ndi limodzi mwa mawu amene ngakhale ana a eni chinenero amachedwa kuwadziwa. Ndiye pa mwana wanu pali zinthu zitatu zimene zingachititse, chinenero cha kunyumba, msinkhu, ndi khutu. Ntchito ya SLP ndi kuzilekanitsa, osati kungowerenga zolakwa papepala la mayeso.

Mayeso ambiri amene timagwiritsa ntchito anawakonza poyesa ana olankhula Chingerezi chokha. Ukayeza nawo mwana wa zinenero ziwiri n'kutenga nambala yake ngati mmene ilili, ukhoza kumupatsa vuto limene alibe. Zimachitikanso mwa njira inayo, mwana amene ali ndi vuto lenileni n'kumangonenedwa kuti akuphunzira Chingerezi, tidikire, mpaka zaka kupita. Njira yodziwira ndi yakuti vuto lenileni limaoneka m'zinenero zonse ziwiri. Ngati agogo ake akumva bwinobwino zonse zimene akunena m'Chichewa, ndipo akupanga ziganizo zofanana ndi za ana a msinkhu wake, imeneyo ndi nkhani yofunika kuti ilowe mulipoti. IDEA imanena kuti mwana ayezedwe m'chinenero chake, pokhapokha ngati n'zosatheka. SLP wolankhula Chichewa mwina simumupeza ku Texas konse, koma akhoza kugwira ntchito ndi womasulira, kukufunsani inu mafunso mwatsatanetsatane, kumvetsera mwana akucheza nanu, ndi kuona kuti akamuphunzitsa liwu latsopano amaligwira msanga bwanji.

Apa ndi pamene ndimaona kuti mapepala ali ndi malire. Masitazi, Praxis ndi CCC zimakutsimikizirani kuti munthu anadutsa maphunziro oyenera, ndipo sindingalole mwana wanga kuyezedwa ndi munthu wopanda zimenezi. Koma sizikuuzani ngati anakhalapo ndi mwana wa m'banja lolankhula chinenero cha ku Africa. Kuno ku New York kuli chowonjezera pa satifiketi cha amene amagwira ntchito m'zinenero ziwiri, koma masiteti ambiri alibe. Ndiye mufunseni mwaulemu SLP wanuyo kuti poyeza anaganizirapo za Chichewa motani. Akayankha kuti sanadziwe kuti kunyumba mumalankhula china, pemphani kuti aonenso mbali imeneyo. Mukapanda kugwirizana ndi zotsatira za sukulu, lamulo limakulolani kupempha kuti mwana akayezedwe ndi katswiri wa kunja, disitirikiti n'kulipira, kapena iwo apite kukaonetsa pabwalo lomva madandaulo kuti kuyeza kwawo kunali koyenera.

Chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse. Wina akadzakuuzani kuti musiye kulankhula Chichewa kunyumba kuti mwana asasokonezeke, musavomere. Zinenero ziwiri sizibweretsa vuto la kulankhula, ngakhale kwa mwana wovutika kumva. Mwana amafuna kumva chinenero chochuluka, chokoma, cha nthano ndi nthabwala ndi kukalipira komwe, ndipo chimenecho mungamupatse bwino m'chinenero chimene inu mumaganizira.

Tsopano za mng'ono wanu. Digiri ya uphunzitsi si yotayika. Choyamba aitumize ku mabungwe amene amaunika madigiri a kunja kuti alembe kuti ikufanana ndi chiyani kuno. Popeza si ya zolankhula, mayunivesite adzamuuza kuti ayambe watenga makosi oyambira, monga fonetiki, kapangidwe ka ziwalo zolankhulira ndi kumvera, kakulidwe ka chinenero mwa ana, ndi chiyambi cha audiology. ASHA imafunanso kuti munthu akhale ataphunzirako bayoloje, fizikisi kapena kemisitiri, sitatisitikisi, ndi phunziro la za chikhalidwe kapena maganizo a anthu. Makosi amenewa ambiri amapezeka pa intaneti ndipo amatenga pafupifupi chaka. Akatero apemphe malo a masitazi, koma aonetsetse kuti pulogalamuyo ndi yovomerezedwa ndi CAA asanalipire kalikonse, apo ayi adzavutika kupeza chiphaso. Malo ndi opikisana, ndipo zaka ziwirizo n'zovuta kuphatikiza ndi ntchito ya tsiku lonse chifukwa maola 400 aja amachitika masana, nthawi imene sukulu ndi zipatala zili zotsegula.

Kwa ena amene akuwerenga ndipo anaphunzira kale ntchitoyi kunja, ASHA ili ndi mgwirizano wovomerezana ndi mabungwe a ku Canada, United Kingdom, Ireland, Australia ndi New Zealand. Amene anaphunzira kwina amadutsa njira yaitali younika maphunziro awo, ndipo chiphaso cha siteti amachipempha pachokha.

Njira ina ndi imene a Mdzukulu wa aGama anadutsa, kuyamba ngati assistant, kumalandira malipiro uku akuona ngati ntchitoyi akuikondadi, kenako n'kupita ku masitazi. Afunse ku TDLR ngati makosi oyambira aja angamukwanire pa chiphaso chimenecho, popeza iwo amawerenga maola a maphunziro a zolankhula ndi kumva amene munthu watenga. Ndipo polemba kalata yopempha malo kuyunivesite, atchule poyera kuti amalankhula Chichewa ndi zinenero zina zimene amadziwa, chifukwa akatswiri a zinenero ziwiri ndi ochepa kwambiri m'ntchito yathu ndipo sukulu zikuwafuna.